Bungwe la amalonda la m'chigawo: linachokera kuti, ndipo ndalama ya umembala imagula chiyani?

Funso: Ndili ndi kafakitale kopanga matebulo ndi mipando, ndipo chaka chino ndayamba kulandira maoda ochokera kunja kwa dziko. A bungwe la amalonda la m'chigawo chathu, lija amati chamber of commerce, andilembera kalata yondipempha kuti ndikhale membala. Sindikumvetsa ngati ndi nthambi ya boma kapena kalabu ya mabwana a makampani akuluakulu. Mabungwe amenewa anayamba bwanji, amathandiza chiyani pa chuma cha chigawo, ndipo munthu ngati ine ndingapindule nawo bwanji?

Yankho: Kalata mwalandirayo yayankha kale theka la funso lanu. Poti akukupemphani, ndiye kuti kumene muliko kulowa m'bungweli n'kufuna kwa munthu. Mukanakhala ku Germany, ku Austria kapena ku Italy sakanavutika n'kupempha. Kumeneko ukangolembetsa bizinesi umakhala membala pompo mwa lamulo, ndipo kalata yoyamba kukupeza imakhala bilu. Dzina ndi limodzi koma mabungwe ake ndi a mitundu iwiri, ena otsamira boma, ena oima paokha ngati kalabu. Onsewo anabadwa chifukwa cha vuto limodzi. Pali zinthu zimene wamalonda aliyense wa m'dera amazifuna koma palibe angazilipire yekha, ndipo zikapezeka, uja sanasonkhe amadya nawo.

Lakale kuposa onse ndi la ku Marseille, doko la kum'mwera kwa France. Pa 5 Ogasiti 1599 khonsolo ya mzindawu inasankha amalonda anayi kuti aziyang'anira zamalonda, ndipo chaka chotsatira mfumu Henri IV inavomereza. Dzina loti chambre de commerce linadzabwera mu 1650. Chinawasonkhanitsa si chikondi ayi, anali achifwamba a panyanja. Zombo zopita ku madoko a ufumu wa Ottoman, womwe likulu lake linali m'dziko lomwe lero ndi Turkey, monga Smyrna, Alexandria ndi Constantinople, zinkalandidwa panjira, katundu n'kupita, amalinyero n'kugwidwa kudikira dipo. Chombo chankhondo choperekeza chinali chodula moti wamalonda mmodzi sakanachikwanitsa, ndipo akanati ayesere, anzake akanangondondoza pambuyo pake n'kutetezedwa ulere. Njira inatsala imodzi, aliyense asonkhe, afune asafune. Pambuyo pake panakhazikitsidwa msonkho wotchedwa cottimo, womwe chombo chochokera ku madoko aja chinkalipira chikakocheza ku Marseille, ndipo ndalamazo zinkalowa m'thumba la bungwe.

Thumba litalemera, ntchito nazo zinachuluka. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 bungweli ndilo linkapereka malipiro a akazembe a France m'madoko a Ottoman. Mfalansa wofuna kukakhazikika kumeneko pa malonda ankayamba watenga chilolezo chake. Nsalu zaubweya zochokera ku Languedoc, chigawo cha kum'mwera kwa France, zinkayenderedwa ku Marseille zisanakwere chombo, chifukwa mpukutu umodzi wachinyengo unkaipitsa mbiri ya nsalu zonse za ku France pamsika wa ku Smyrna. Mu 1669 nduna Colbert inalamula kuti anyamata azitumizidwa ku Constantinople kukaphunzira zinenero za kumeneko kuti adzakhale omasulira, ndipo bilu yake inagwera amalonda a ku Marseille. Muziyang'ane bwino ntchito zimenezi. Kuteteza njira ya katundu, kukhala ndi okuyimirani kunja, kutsimikizira kuti katundu ndi amene akunenedwayo, kuphunzitsa anthu ntchito: ndi zomwezo zimene ma chamber akugwira mpaka lero, zangosintha zovala. Ku Hamburg nako, doko la ku Germany, amalonda a panyanja anapanga lawo mu 1665, atakhumudwa ndi mmene akuluakulu a mzindawo ankatetezera zombo zawo.

Anthu oukira ufumu ku France anathetsa mabungwewa mu 1791 powaona ngati otsalira a ulamuliro wakale. Sipanapite nthawi boma linaona kuti lasowa womufunsa za malonda, ndipo mu Disembala 1802, Napoleon akulamulira, linakhazikitsanso mabungwe 22 nthawi imodzi. Ena mwa iwo anali m'mizinda yomwe lero ili kunja kwa France, monga Brussels, Antwerp, Mainz ndi Turin, ndipo umu ndi mmene mtundu wotsamira boma unafalikira ku Ulaya. Lamulo la 1898 linawapatsa mphamvu zoyendetsa madoko, nyumba zosungira katundu ndi masukulu. Sukulu ya zamalonda ya HEC inatsegulidwa ndi chamber ya ku Paris mu 1881, ndipo mabwalo ambiri a ndege a m'zigawo za France akhala akuyendetsedwa ndi ma chamber kwa zaka zambiri.

Kwa olankhula Chingerezi zinayenda mwina. Amalonda ankangokumana okha n'kugwirizana. Mu 1768 linayamba la pachilumba cha Jersey, ndipo chaka chomwecho amalonda 20 anayambitsa la ku New York m'nyumba yomweramo. La ku Glasgow linabwera mu 1783, la ku Manchester mu 1820. Amenewa analibe msonkho wotolera kapena doko loyendetsa. Chida chawo chinali pakamwa ndi cholembera. La ku New York linalimbikitsa ntchito yokumba ngalande ya Erie, yomwe itatsegulidwa mu 1825 inalumikiza mzindawo ndi nyanja zikuluzikulu za m'kati mwa dziko n'kuupanga doko lalikulu la America. Ku Manchester mkangano wofuna kuthetsa msonkho wa tirigu wochokera kunja unayakira m'chamber momwemo, pomwe eni mafakitale a nsalu monga Richard Cobden anakakamiza atsogoleri ozengereza kuti alembere nyumba ya malamulo. Msonkhowo unathetsedwa mu 1846. Zindikirani kuti mabungwe a dziko lonse anabwera mochedwa, la ku Britain mu 1860, la ku America mu 1912, la dziko lonse lapansi, International Chamber of Commerce, mu 1919. Muzu wake ndi mzinda ndi chigawo, chifukwa msewu woipa, doko lochedwa ndi kusowa kwa amisiri ndi mavuto a malo amodzi.

Mitundu iwiriyi iliyonse ili ndi bala lake. Ku Germany kuli ma chamber 79 a mafakitale ndi malonda, oyendetsedwa ndi lamulo la 1956, kuwonjezera pa ena a amisiri a ntchito zamanja, komwe kalipentala ngati inu mwina mukanagwera. Membala amalipira ndalama yokhazikika kuphatikizapo kagawo kochepa ka phindu lake, ndipo ang'onoang'ono opeza phindu lochepa kwambiri amakhululukidwa. Ndi ndalama yodalirika chonchi, chamber imatha kugwira ntchito yaikulu ndithu: imalemba m'kaundula mapangano onse a ophunzira ntchito m'makampani, imaona ngati kampani ili yoyenera kuphunzitsa, ndipo imalembetsa mayeso omaliza. Satifiketi ya mmisiri wophunzira ku Munich imalemekezedwa ku Bremen chifukwa cha zimenezi. Koma ndalama yobwera yokha imagonetsa. Amalonda ambiri a kumeneko amadandaula kuti amalipira bungwe lomwe sanalionepo, masankho ake amavota ndi ochepa, ndipo nkhaniyi yafikapo ku khoti lalikulu loona za malamulo a dziko kangapo, komaliza mu 2017, pomwe khotilo linati kukakamizako n'kololedwa. Spain inachotsa ndalama yokakamiza mu 2010, ma chamber ake n'kuchotsa antchito ambiri. Netherlands inaphatikiza ma chamber ake a m'zigawo kukhala limodzi mu 2014, lomwe ntchito yake yaikulu ndi kusunga kaundula wa mabizinesi.

Mtundu wa kwanuwo bala lake ndi losiyana. Bungwe likamenyera nkhondo kuti msewu wopita kudoko ukonzedwe, malole a mamembala ndi a osakhala mamembala amadutsa pa phula lomwelo. Wochenjera amangokhala phee n'kudyera anzake masuku pamutu. N'chifukwa chake chamber yodzifunira siingakhale ndi moyo podalira kulankhulira amalonda kokha. Imayenera kugulitsa zinthu zimene wosalipira sangazipeze, kapena angazipeze modula. Apa ndi pomwe nkhani ikufika pa matebulo anu.

Chinthu choyamba chimene mudzafune kwa iwo, kaya mwalowa kaya simunalowe, ndi satifiketi yosonyeza dziko limene katundu wapangidwira, certificate of origin. Pangano la ku Geneva la 1923 lofewetsa ntchito za msonkho wa pamalire linalola maboma kupereka udindo wotulutsa chikalatachi kwa mabungwe odalirika, ndipo pafupifupi kulikonse udindowo unagwera ma chamber. Masatifiketiwa ali pawiri, ndipo ambiri ongoyamba kumene amawasokoneza. Wamba amangonena kuti katunduyu ndi wa dziko lakuti. Amafunidwa ndi banki, ndi wogula, kapena ndi dziko lomwe lili ndi ziletso pa katundu wa maiko ena. Satsitsa msonkho. Winayo ndi wa pangano la malonda pakati pa maiko, ndipo ndi amene amachititsa kuti wogula wanu alipire msonkho wochepa kapena asalipire n'komwe. Ameneyu m'maiko ambiri amatulutsa ndi a msonkho wa pamalire, osati chamber. Musanapite kulikonse, funsani wogula kuti akufuna uti, ndipo ayankhe polemba.

Kuti mutenge wamba uja, mumayamba mwalembetsa ku chamber. Amafuna chikalata cholembetsera kampani, mayina ndi siginecha za anthu amene mwawaloleza kusaina m'malo mwanu, ndi kalata yolonjeza kuti mukanama mlandu ndi wanu. Pa katundu aliyense wotumizidwa mumadzaza fomu yonena wotumiza, wolandira, njira, zizindikiro ndi manambala a pa mabokosi, kuchuluka, kulemera ndi mtundu wa katundu, n'kuphatikapo invoisi ndi mndandanda wa zopakidwa. Ngati munapanga nokha, mumalemba chikalata chonena zimenezo. Ngati zina munagula kwa ena, mumasonyeza umboni wochokera kwa amene anapangawo. Kalaliki wa chamber sabwera kudzatsegula kontena. Amayerekeza mapepala, akagwirizana amadinda chidindo. Masiku ano ambiri amachita zimenezi pa intaneti tsiku lomwelo.

Povuta ndi pa mawu oti dziko lochokera. Si dziko limene katundu wakwerera chombo. Ndi dziko limene anamera kapena kukumbidwa yense, kapena, ngati wadutsa m'manja mwa maiko angapo, kumene anasinthidwa komaliza kukhala chinthu china chenicheni. Poyeza zimenezi amagwiritsa ntchito kwambiri manambala a katundu a dziko lonse, HS code, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1988. Matabwa ocheka ali pa 4407, zomangira zachitsulo pa 7318, mipando pa 9401, matebulo pa 9403. Mukaitanitsa matabwa kunja, n'kuwapala, kuwadula, kuwalumikiza ndi kuwapaka vanishi, chinthu chalumpha kuchoka pa 4407 kufika pa 9403, ndipo nthawi zambiri tebulolo limawerengedwa kuti ndi la dziko lanu. Koma mukaitanitsa tebulo lodulidwa kale, loboola kale, longofunika kumanga miyendo, linalowa lili kale pa 9403, ndipo kumanga zomangira zinayi sikulisandutsa lanu. Kupakira m'bokosi latsopano, kumata chizindikiro cha kampani yanu ndi kupukuta fumbi, zonsezi siziwerengedwa.

Mapangano ena sayang'ana nambala, amayang'ana ndalama. Tiyerekeze kuti tebulo mumagulitsa pa 100 potuluka pafakitale, ndipo matabwa, zomangira ndi vanishi zochokera kunja zadya 45. Ngati pangano likuti zakunja zisapitirire theka la mtengo, mwadutsa. Ndalama ya dziko lanu ikagwa, zipangizo zomwezo n'kukwera kufika 55 inu musanakweze mtengo, tebulo lomwe lija lagwa mayeso, ngakhale m'fakitale simunasinthe kanthu. Anthu amagwidwa apa chifukwa amawerengera kamodzi n'kuiwala. Pangano lililonse lili ndi malire ake ndi kawerengedwe kake, ndiye muziwerengeranso mitengo ya zipangizo ikasuntha, ndipo muzisunga ma invoisi ogulira zipangizo kwa zaka zingapo, chifukwa a pamalire a dziko lolandira amatha kufunsa katundu atagulitsidwa kalekale. Akapeza kuti satifiketi inali yolakwika, msonkho wonse ndi chindapusa zimagwera wogula wanu, iye n'kutembenukira kwa inu.

Cholakwika china chofala n'chaching'ono koma chimapweteka. Wogula akamalipira kudzera m'kalata ya banki yotsimikizira malipiro, letter of credit, banki siiona matebulo, imaona mapepala okha. Malamulo amene mabanki ambiri amatsata pa nkhaniyi, UCP 600, analembedwa ndi International Chamber of Commerce, ndipo amapatsa banki masiku asanu ogwira ntchito kuti iunike mapepala. Invoisi ikanena mabokosi 120 pomwe satifiketi ikunena 118, kapena kalata ya banki ikafuna satifiketi yodindidwa ndi chamber inu n'kupereka yosaina nokha, banki ili ndi ufulu wokana kulipira. Ndiye muwerenge kalata ya bankiyo tsiku lomwe yafika, osati katundu ali kale panyanja, ndipo mukopere mawu ofotokoza katundu chimodzimodzi pa mapepala onse. Maiko ena amafunanso kuti satifiketi ikadindidwe ku ofesi ya kazembe wawo pambuyo pa chamber, zomwe zimadya masiku. Dziwaninso kuti chidindo cha chamber sichilowa m'malo mwa zilolezo zina. Mapaleti amatabwa amafuna chizindikiro cha ISPM 15 chosonyeza kuti anatenthedwa kapena kufukizidwa kupha tizilombo, ndipo mitengo ina yotetezedwa ndi pangano la CITES, loteteza zomera ndi nyama zomwe zili pangozi yotha, imafuna chilolezo chapadera. Zimenezo n'za maofesi ena.

Chachiwiri ndi ATA Carnet, kabuku komwe ena amati pasipoti ya katundu. Tinene kuti mukufuna kupita ndi matebulo asanu ndi mipando khumi ku chionetsero cha malonda kunja n'kubwera nazonso. Popanda kabukuka, pamalire alionse mumasiya ndalama ya chikole yofanana ndi msonkho, n'kudzavutika kuitenga pobwerera. Dongosolo la carnet linachokera m'pangano la 1961, linayamba kugwira ntchito mu 1963, ndipo lero likugwira m'maiko pafupifupi 80. Chamber ya kwanu imakutulutsirani kabukuka mutapereka chikole kapena inshuwalansi kamodzi kokha, ndipo ma chamber a maiko onsewo amamangirirana ngati unyolo: mukapanda kutulutsa katundu, bungwe la dziko lomwe munalowalo limalipira msonkho kwa boma lake, n'kudzalipiritsa la kwanu, la kwanu n'kudya chikole chanu. Kamagwira ntchito kwa chaka chimodzi. Chikuto chake n'chobiriwira, mapepala achikasu ndi otulukira ndi kubwerera kwanu, oyera ndi olowera ndi kutulukira m'dziko la eni, abuluu ndi ongodutsira.

Mavuto a carnet amakhala atatu kawirikawiri. Mndandanda wa katundu ukadindidwa sungawonjezeredwe, ndiye chilichonse chilembedwe poyamba, ndi mtengo wake weniweni ndi chizindikiro chochisiyanitsa ndi chinzake. Zinthu zogawa kapena zotha, monga timapepala totsatsa malonda, sizilowamo. Ndipo vuto lalikulu ndi kutuluka m'dziko la eni osadinditsa pepala loyera, mwina chifukwa ndege inali pafupi kunyamuka kapena ofesi inali yotseka. Kwa a pamalire a kumeneko, katundu wosadindidwa potuluka ndiye kuti anatsala m'dziko, ndipo bilu ya msonkho, yomwe imatha kuwonjezeredwa ndi 10 pa 100 iliyonse, imakutsatirani patapita miyezi. Wina akakonda tebulo pachionetsero n'kufuna kuligula, pitani kaye kwa a pamalire mukalilipirire msonkho ndi kulembetsa pa kabuku. Si dziko lililonse lili m'dongosololi, ndiponso si chamber iliyonse ya m'chigawo imatulutsa carnet, choncho funsani za mbali zonse ziwiri.

Chachitatu ndi kuweruza mikangano. Kuyambira kale amalonda sakonda khoti, chifukwa limachedwa ndipo woweruza sadziwa kusiyana kwa thabwa louma ndi laliwisi. Ma chamber ambiri ali ndi nthambi yoweruza milandu ya malonda kunja kwa khoti. Ya ku Stockholm ku Sweden, yomwe ndi chamber ya m'chigawo ngati yanuyo, inatsegula nthambi yake mu 1917, ndipo m'zaka za m'ma 1970 America ndi Soviet Union anaivomereza ngati malo osakondera othetsera mikangano ya makampani awo. Mphamvu ya njirayi ili m'pangano la ku New York la 1958, lomwe maiko oposa 170 analowamo: chigamulo cha oweruza oterewa chimatha kukakamizidwa m'dziko la wogula mosavuta kuposa chigamulo cha khoti la kwanu. Koma khomo lake ndi chiganizo chimodzi cha m'kontirakiti, cholembedwa mkangano usanabuke, chotchula dzina lenileni la bungwe, mzinda woweruzira, chinenero ndi chiwerengero cha oweruza. Kulemba kuti mkangano udzapita ku chamber of commerce osatchula iti ndi kudziyambitsira mlandu wina wokangana za komwe mlandu ukaweruzidwe. Kopani chiganizo chimene bungwelo limapereka lokha. Ndikuchenjezeninso kuti pa ngongole ya kontena imodzi ya mipando, oweruza atatu angadye ndalama yoposa imene mukulimbirana. Pa msinkhu wanu funsani za woweruza mmodzi, njira yachidule, kapena mkhalapakati wongoyanjanitsa.

Tsono ntchito imene imakhudza chuma cha chigawo chonse ndi ija yosaoneka pa risiti. Boma silingakambirane ndi mabizinesi zikwi khumi mmodzimmodzi, ndipo wamalonda mmodzi akadandaula amaoneka ngati wongolira za m'thumba mwake. Chamber yabwino imasonkhanitsa madandaulo n'kuwasandutsa manambala. Ma chamber a ku Britain akhala akufunsa mamembala awo miyezi itatu iliyonse kuyambira 1989 za maoda, antchito, mitengo ndi ndalama zolowa, ndipo zotsatira zake zimawerengedwa ndi banki yaikulu ya dzikolo chifukwa zimatuluka msanga kuposa ziwerengero za boma. Kusiyana kwa bungwe lamoyo ndi lakufa kumaonekera apa. Lakufa limatulutsa chikalata chakuti boma litukule malonda. Lamoyo limapita kwa akuluakulu a doko ndi pepala losonyeza kuti makontena a mamembala akudikira masiku angati, pa sitepe iti, ndipo tsiku lililonse likuwadyera zingati, n'kupempha chinthu chimodzi chotheka, monga kutsegula geti usiku. Amene akufuna kudzamanga fakitale m'chigawo nthawi zambiri amayambira pa khomo lomweli kufunsa za malo, magetsi, amisiri ndi ogulitsa zipangizo, ndipo dzina lanu likakhala m'kaundula wa mamembala ndi pomwe angakupezeni.

Komabe musayembekezere kuti bungweli lidzakumenyerani nkhondo iliyonse. M'chipinda chimodzi mumakhala inu, wofuna kuti mipando yochokera kunja ikhomedwe msonkho waukulu ndipo matabwa alowe ulere, mwini sitolo woitanitsa mipando kunja amene akufuna zotsutsana ndi zanu, ndi mwini macheka amene akufuna matabwa akunja aletsedwe. Onse ndi mamembala, onse analipira. Pa nkhani yotere chamber imakhala chete kapena imalankhula mozungulira, ndipo si mantha ayi, ndi mmene inapangidwira. Nkhondo ya msonkho wa mipando ndi ya bungwe la opanga mipando. Chamber ndi ya zinthu zimene nonse atatu mumagwirizana: msewu, magetsi, madzi, kuchedwa kwa ziphaso, chitetezo, maphunziro a ntchito.

Nkhawa yanu ija ya kalabu ya mabwana ili ndi maziko. Kumene ndalama ya umembala imakwera molingana ndi kukula kwa kampani, mabanki ndi makampani akuluakulu ochepa amatha kupereka gawo lalikulu la bajeti, ndipo mlembi wamkulu amadziwa bwino foni imene sangaisiye ikulira. Akuluakuluwo alinso ndi antchito owatumiza ku misonkhano ya masana, pomwe inu mukachoka pafakitale ntchito imaima. Mapeto ake makomiti amadzaza ndi iwo. Kwina atsogoleri amasandutsa mpando wa bungwe makwerero olowera ndale, n'kuyamba kuombera m'manja boma m'malo molifunsa. Kwina bungwe limazolowera ndalama za mabungwe othandiza, n'kumachita misonkhano imene opereka ndalamawo akufuna osati imene mamembala akufuna. Ndalama ya masatifiketi nayo ikuchepa m'madera ena, chifukwa mapangano atsopano akulola wotumiza katundu kudzilembera yekha umboni pa invoisi, monga dongosolo la REX lomwe European Union inayambitsa mu 2017. Palinso ngozi yakale imene Adam Smith anaitchula mu 1776, yakuti anthu a ntchito imodzi akakumana, macheza amathera pa kugwirizana zokweza mitengo. Lero m'maiko ambiri umenewo ndi mlandu waukulu. Mukadzakhala pa msonkhano anzanu n'kuyamba kukambirana mtengo woti nonse muzigulitsira, kapena kugawana makasitomala, nenani kuti simukugwirizana nazo, zilembedwe, mutuluke.

Musanayankhe kalata ija, pemphani zinthu zingapo, ndipo mmene akuyankhireni ndi mayeso kale. Pemphani malamulo oyendetsera bungwe muone ngati membala aliyense ali ndi voti imodzi kapena mavoti amatsata ndalama, ndiponso ngati wapampando ali ndi malire a zaka. Pemphani malipoti a zachuma ounikidwa ndi akatswiri a kunja a zaka ziwiri zapitazi, muone gawo lochokera kwa mamembala, lochokera ku masatifiketi ndi lochokera kwa othandiza. Funsani kuti mwa mamembala a chaka chatha ndi angati analipiranso chaka chino. Funsani chinthu chimodzi chimene anasinthitsa ku khonsolo kapena ku boma m'zaka zitatu zapitazi, achitchule ndi dzina. Onetsetsani kuti ndi ovomerezedwa ndi boma kutulutsa masatifiketi, popeza m'maiko ena dzina loti chamber silitetezedwa ndi lamulo ndipo aliyense angalipachike pakhomo. Kenako imbirani mamembala awiri kapena atatu a msinkhu wanu omwe mwawasankha nokha m'kaundula, osati amene akulozerani.

Masamu ake ndi achidule. Pafupifupi kulikonse osakhala membala amathanso kutenga satifiketi, koma pa mtengo wokwera, kwina kuwirikiza kawiri. Tengani kusiyana kwa mitengo iwiriyo, muchulukitse ndi maulendo amene mukuyembekeza kutumiza katundu pachaka, muwonjezere kuchotsera kwa pa carnet, pa maphunziro a mapepala otumizira katundu ndi pa malo a pachionetsero ngati mudzapitako. Zikafika pa ndalama ya umembala kapena kuyandikira, lowani, zina zonsezo ndi basera. Zikachepa kwambiri, tengani masatifiketi ngati mlendo chaka chino, mudzaonenso maoda akachuluka.

Mukalowa, musathere pa madyerero a pachaka. Tumizani amene amakulemberani mapepala ku maphunziro a Incoterms, mawu a m'kontirakiti onena amene alipire chiyani pa ulendo wa katundu, ndi a malamulo a dziko lochokera katundu, chifukwa kusadziwa kusiyana kwa FOB, pomwe wogula amalipira yekha chombo, ndi CIF, pomwe chombo ndi inshuwalansi mumalipira inu, kungakudyereni phindu la kontena yonse. Lembetsani dzina lanu mu komiti imodzi yokha, ya otumiza katundu kunja kapena ya mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo muzipita ndi kabuku kolembamo tsiku limene kontena inafika padoko, tsiku limene inatuluka, maola amene magetsi anazima ndi ndalama imene munataya. Mafomu a kafukufuku akabwera muzidzaza, ngakhale amatopetsa, chifukwa mlembi akamapita kukakumana ndi akuluakulu a doko amanyamula manambala a amene anayankha okha.